Kalata Yochokera ku Joni: Kuno Amatsirika Nyumba Masana

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ku Durban ndili bwino, kungoti maso aona malodza.

Bwana wanga wachimwenye, amene ndimawasamalira maluwa, amanga nyumba ku Verulam. Anthuwa si alendo kuno. Makolo awo anayamba kufika ku Natal mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo miyambo ya Chihindu sanaisiye m'sitima.

Nyumba inatha kalekale, makiyi ali m'thumba, koma kulowa ayi. Anadikira wansembe wawo, pandit, kuti aone kayendedwe ka nyenyezi n'kusankha tsiku. Mwambowo amautcha Griha Pravesh.

Tsikulo litafika anandikweza mumtengo wa mango kukathyola masamba. Masamba, Amayi, zipatso zili lendelende! Masambawo anawamangirira pamwamba pa chitseko. Pakhomo anaswapo kokonati, kenako adona analowa motsogoza phazi lamanja atanyamula mtsuko wamkuwa wodzaza madzi. Pemphero loyamba linapita kwa mulungu wawo Ganesha, wamutu wa njovu, amene amati amachotsa zopinga. Atatero anasonkha moto m'kachitsulo pabalaza penipeni n'kumathiramo mafuta a ghee. Utsi unali tolo, tonse misozi chuchuchu, wansembe yekha osatsokomola.

Koma chimene chikanakukomolani ndi mkaka. Anautereka pachitofu chatsopano, onse n'kuima kuuyang'anitsitsa. Unawira, unakwera, unasefukira mpaka pansi, ndipo panalibe wothamangira kukaphula. Onse chimwemwe chokhachokha! Akuti chuma chidzasefukira chomwecho m'nyumbamo. Ine mumtima ndinkangowerenga makapu a tiyi amene akutayika. Wokolopa mwamudziwa kale.

Kwathu timatsirika nyumba pakati pa usiku, sing'anga akuyenda monyang'ama, ndipo Lamulungu timakana kwamtuwagalu pamaso pa abusa. Awa amatsirika dzuwa likuswa mtengo, abale ataitanidwa, ena akujambula ndi foni. Pamenepo ndawagomera. Chondidandaulitsa n'chimodzi: tsiku lotere nyama saphika. Phwando lonse linali la mpunga, nyemba ndi masamba, tsabola wake woliritsa mwamuna wamkulu.

Ndalama za malata ndatumiza. Nyumba yanga ikatha, muwauze amalume asayambe kugonamo mpaka ndibwere pa Khirisimasi. Mtengo wa mango tili nawo, wokwera adzakhala iwowo. Koma mkaka wokha tidzamwera tiyi.

Moni kwa onse.

Ndine mwana wanu.