Mmene Mungagwirizanire pa Muyezo Umodzi Osataya Wanu

Mukaitanidwa ku msonkhano wa akatswiri olumikiza tizidutswa ta DNA kuti mabakiteriya ndi yisiti azigwira ganyu imene munthu wawapatsa, musanjenjemere. Sayansi yake, synthetic biology, ndi yozama ndithu: ndiyo inaphunzitsa yisiti kufulula zopangira artemisinin, kholo la mankhwala ali mu LA wa malungo uja. Koma msonkhanowo ndi wophweka. Imirirani, konzani tayi, nenani kuti dziko lonse likufunika muyezo umodzi. Akamaliza kuwomba m'manja, tulutsani wanu.

Manyazi musachite, akuluakulu anayamba kale. Mu 2003 Tom Knight wa ku MIT anakonza BioBrick, yoti kachidutswa kalikonse ka DNA kazilowana ndi kanzake ngati njerwa za chikombole chimodzi. Vuto linali lakuti polumikizira pankatsala kachipsera ka zilembo 8 za DNA, kosokoneza aliyense wofuna kulumikiza mapuloteni awiri. Basi a ku Freiburg anasema chikombole chawo, a ku Berkeley chawonso n'kuchitcha BglBrick. Mu 2008 kunabadwa Golden Gate, mu 2009 Gibson Assembly. Inu nokha mukapite chimanjamanja chifukwa chiyani?

Pa nkhani yoyeza, tengerani nzeru kwa wogulitsa chimanga amene ndowa yake anaiponda kunsi. Mukaika m'bakiteriya jini yowalitsa mobiriwira, yotchedwa GFP, makina amakupatsani nambala. Lembani kuti kwawala 5,000. Wina akafunsa kuti 5,000 ya chiyani, yankhani mwaulemu kuti ndi arbitrary units, ndiye kuti ndowa ya kwanu. Mnzanu wa ku Tokyo akayeza chinthu chomwecho n'kupeza 40, palibe wanama, ndipo nonse mulemba mapepala. Amene muyenera kuwapewa ndi ana asukulu a mpikisano wa iGEM. Kuyambira 2014 iwo anayamba kuyeza DNA imodzimodzi m'malabotale ambirimbiri, mpaka anaonetsa kuti aliyense akayamba wayesa makina ake ndi utoto umodzi wa fluorescein, manambala amayandikana. Ana opanda mwambo, akuwononga msika.

Padzatchulidwanso SBOL, chinenero cha kompyuta cholembera mapulani a DNA kuti wa ku Boston ndi wa ku Newcastle azimvana. Chiyamikireni kwambiri, ngakhale misozi ilengeze. Mukabwerera ku ofesi tumizani zonse pa Excel monga mwa masiku onse. Pulogalamu imeneyi ikaona jini yotchedwa SEPT2 inkaganiza kuti ndi tsiku, n'kulemba 2 September. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza zolakwika zotere m'pepala limodzi mwa asanu alionse amene anali ndi mindandanda ya majini pa Excel. Ndiye mu 2020 komiti yotcha majini a munthu maina inatani? Inasintha maina a majiniwo, SEPT2 n'kukhala SEPTIN2. Mbuzi ikamadya mmera, abale, musavutike ndi chingwe, samutsani munda.

Tsiku lomaliza pamabwera nkhani ya ndalama, ndipo apa khalani pafupi ndi chitseko. Pangano la ku Nagoya la mu 2010 limati wotenga chomera kapena kachilombo m'dziko la eni agawane nawo phindu. Koma lero safunikanso kunyamula tsamba m'chikwama, zilembo za DNA zimangoyenda pa intaneti. Mu 2024 ku Cali, m'dziko la Colombia, maiko anakhazikitsa thumba loti makampani odyerera zilembozi aziponyamo kangachepe, koma mwa kufuna kwawo, ngati mbale ya chopereka. Luso lenileni liphunzireni kwa America, imene inasaina pangano lalikulu la zachilengedwe mu 1993 koma mpaka pano sinalivomereze, chonsecho kwa zaka zambiri pa misonkhano sinkasowa.

Wina akaumirira kuti musankhe chikombole chimodzi lero lomwe, pemphani kuti pakhale komiti yaing'ono yokaunika tanthauzo la mawu akuti synthetic biology, idzapereke lipoti pakatha zaka ziwiri. Dzina lanu likhale loyamba pa mndandanda, ndipo funsiranitu ngati hotelo yake ili ndi dziwe losambira.