Mmene Mungalakwitsire Poyeza Ubongo wa Wodwala Huntington

Yambani ndi mutu wa wodwala. Mukamugoneka m'makina a MRI, musautsamiritse ndi timapilo, ndipo musataye nthawi kumukhazika mtima pansi phokoso lisanayambe. Matendawa, amene George Huntington anawalongosola mu 1872, amagwedeza thupi mwiniwake asakufuna: phewa limadzidzimuka, khosi limapotoka, chibwano chimatembenuka pang'ono n'kubwerera. Kujambula kumatenga mphindi zingapo, pamene cortex, gawo lakunja la ubongo limene mukuyezalo, ndi yokhuthala mamilimita pafupifupi 2.5 basi.

Mutu ukasuntha, malire a mbali yotuwa ndi yoyera ya ubongo amazilala ngati chithunzi cha pafoni chojambulidwa ndi dzanja lonjenjemera, ndipo kompyuta imawerenga cortex yopyapyala kuposa mmene ilili. Martin Reuter ndi anzake anasonyeza zimenezi mu 2015, atapempha anthu abwinobwino kuti azigwedeza mutu dala ali m'makina. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti amene matenda awalowerera kwambiri ndi omwenso amagwedezeka kwambiri. Cholakwacho chimalondola matenda phazi ndi phazi, mumapeza zimene mumayembekezera, ndipo palibe amene amakayikira.

Zithunzi zikatuluka, musazitsegule. Ziponyeni mu FreeSurfer, pulogalamu ya ku Massachusetts General Hospital, mudikire manambala. Mukanayang'ana kagawo ndi kagawo, mukanaona pamene mzere woyezera walumphira m'chikopa chokuta ubongo n'kuchiwerenga ngati cortex. Manambala okha sangakuuzeni zimenezo.

Odwala muwajambule pa makina a mphamvu ya 3T, anthu abwinobwino oyerekezera nawo pa a 1.5T, ndipo ntchito ili mkati muike FreeSurfer yatsopano. Kafukufuku wa TRACK-HD, amene Sarah Tabrizi anatsogolera kuyambira 2008, anavutikira kuti London, Paris, Leiden ndi Vancouver azijambula mofanana. Inu zimenezo zidumpheni. Oyerekezera nawowo akhalenso achinyamata, ngakhale cortex imapyapyala ndi ukalamba mwa aliyense.

Kenako ubongo wonse muupatse nambala imodzi. Diana Rosas ndi anzake anaonetsa mu 2002 kuti cortex sikutha mofanana paliponse, madera ena amawonongeka ena akadali bwino. Mukaphatikiza zonse, madera abwinowo amakwirira owonongekawo. Caudate ndi putamen, za mkatikati mwa ubongo, zimene zimayamba kufota munthu asanaonetse zizindikiro, muzisiye.

Magazi musayeze. Ku South Africa kuli mabanja akuda amene ali ndi HDL2, matenda ofanana kwambiri ndi Huntington koma ochokera ku kachidutswa ka DNA kotchedwa JPH3, osati HTT, kamene kamayambitsa Huntington. Popanda kuyeza, onse alowa m'gulu limodzi.

Mukatero, pitani ndi njira yanuyo kukayesa mankhwala. Kumeneko kuli anthu amene anadwazika mayi kapena bambo awo, akudziwa kuti mwana aliyense wa wodwala ali ndi mpata wa 50 pa 100 wotengera matendawa, ndipo agona m'makinamo kuti ana awo adzapeze thandizo. Musalembe amene akumwa mankhwala ochepetsa kugwedezeka monga tetrabenazine. Mutu wa munthu wotere udzakhazikika, chithunzi chachiwiri chidzaoneka bwino kuposa choyamba, cortex idzawerengedwa yokhuthalako, ndipo mabanja aja mudzawauza kuti ubongo wasiya kutha pamene maselo ake akufabe.