Kiyibodi yanga ndinaiwononga ndekha

Ndili ndi kasitudiyo ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre, chipinda chimodzi chimene ndinamata masiponji m'makoma. Ndimajambula makwaya ndi achinyamata amene akuyamba kumene zoimba. Zida zanga n'zowerengeka: laputopu, maiki, masipika ndi kiyibodi ya makiyi 49 yolumikiza pa USB. Kiyibodi imeneyi payokha siilira. Ndi ya mtundu wa MIDI controller, moti ukadina kiyi imangouza kompyuta kuti wadina noti iti ndiponso mwamphamvu bwanji, pa mulingo wosapitirira 127. Kulira kwa piyano kapena kwa ng'oma kumachokera mu pulogalamu ya FL Studio. Ziwirizi zikasiya kumvana, ndiye kuti ndilibe choimbira.

Zinkadziwika kuti kuyambira pa 14 Okutobala 2025 Windows 10 isiya kulandira zoiteteza, ndipo laputopu inkandikumbutsa pafupipafupi kuti ndisamukire ku Windows 11. Ndinkangozengereza. Lachisanu lina usiku ndinaona kuti bandulo yanga ya intaneti yatsala pang'ono kutha nthawi, ndiye ndinati ingapite pachabe. Ndinadina batani losamukira ku Windows 11. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti m'mawa mwake kukubwera kwaya ya amayi kuchokera ku Thyolo, koma ndinadinabe. Zonse zitatha laputopu inadandaula kuti malo achepa, ndipo poyeretsa ndinafufutanso foda yaikulu yotchedwa Windows.old, osafunsa kuti ntchito yake n'chiyani. Kiyibodi sindinaiyese n'komwe. Ndinakagona mtima uli m'malo.

Amayiwo anafika dzuwa lisanawawe, atavala yunifolomu yawo, pa minibasi imene anachita kusonkherana ndalama. Titapemphera ndinalumikiza kiyibodi. Timagetsi take tinayaka monga mwa nthawi zonse. Ndinadina kiyi, zii. Ndinadinanso, zii.

"Bambo, tikhale tikuyeserera panja?" anafunsa mayi otsogolera kwaya.

"Pepani mayi, ndipatseni kanthawi kochepa, zitheka pompano," ndinayankha.

Timagetsi tija ndi timene tinandisokoneza mutu. Chingwe cha USB 2.0 chili ndi mawaya anayi mkati: awiri amapereka mphamvu ya mavoti 5, awiri enawo amanyamula uthenga. Chida chikhoza kuyaka bwinobwino pamene kompyuta sikuchimva. Ine zimenezi sindinkazidziwa. Ndinayamba kuzula chingwe n'kumabaya pena, kuzulanso n'kubaya pena, mpaka mabowo onse a USB ndinawamaliza. Ndinatuma mnyamata kutauni kukagula chingwe chatsopano, koma palibe chinasintha. Ndinakumba m'katoni n'kupeza CD imene inabwera ndi kiyibodi, ndipo ndinaikanso driver wake (kapulogalamu kothandiza kompyuta kumva chida), wa nthawi ya Windows 7, pamwamba pa yemweyo amene ndinali nditaika kale. Ndinatsitsanso kapulogalamu koonera uthenga wa MIDI n'kukasiya kotsegula. Zonsezi ndinkachita mophatikiza, osaima kuti ndione chimene chasintha.

Dzuwa litafika paliwombo ndinakumbukira kuti munthu amatha kubwerera ku Windows yakale masiku 10 asanathe. Ndinathamangira ku Settings, koma batani lobwererera linali lozimiririka, losadinika. Njira yobwerera imadalira foda ya Windows.old, ija ndinafufuta usiku.

Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Ndinagamula kuti vuto lili mkati mwa kiyibodi, kuti mwina polowera chingwe pamasuka. Ndinatenga sikuludiraiva n'kuitsegula, amayi akuimba panja pansi pa mtengo wa mango. Potukula chivundikiro ndinakoka mwamphamvu, ndipo kalamba kopyapyala kolumikiza makiyi ndi bolodi kanang'ambika chakumapeto. Polowera chingwe pamene ndinkakayikira panali polimba, popanda chilema.

Amayiwo anabwerera madzulo osajambula nyimbo ngakhale imodzi. Ndalama ya chikole ndinawabwezera, koma ya minibasi inali itapita. Ena mwa iwo amathyola tiyi, ena amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, ndipo ulendowu anaukonzekera kwa miyezi. Sanandikalipire. Mayi otsogolera aja anangoti, "Zimachitika bambo, Mulungu akalola tidzabweranso." Mawu amenewa anandilasa kuposa kukalipa. Chondipweteka china n'chakuti ntchito ikanatheka ndithu. Ndikanajambula mawu awo potsatira kugunda kwa metronome, zida n'kudzaika tsiku lina. FL Studio imalolanso kuimba manoti ndi mabatani olembera a laputopu. Maganizo onsewa anathawa chifukwa mtima wanga unali pa kugonjetsa makina, osati pa anthu amene anabwera kudzaimba.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi kunabwera mwana wa mchemwali wanga, mtsikana amene akuphunzira zamakompyuta. Anamvetsera nkhani yonse osandidula.

"Amalume, kiyibodiyi munaiyesa pa chipangizo china?" anafunsa.

Ndinati ndilibe kompyuta ina. Iye anatulutsa m'chikwama kachipangizo kakang'ono ka OTG, nalumikiza kiyibodi ku foni yake pogwiritsa ntchito chingwe changa chakale chija. Mafoni a Android amamva MIDI ya pa USB kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015. Anatsegula pulogalamu ya piyano, nadina kiyi, ndipo foni inalira. Makiyi onse ankagwira kupatula 12 akumtunda, amene kalamba kawo ndinang'amba. Pamenepo zinadziwika kuti chingwe chinali chabwino, kiyibodi inali yabwino ndisanaitsegule, ndipo vuto linali mu laputopu mokha.

Anandifotokozera chifukwa chimene foni inaimvera popanda CD. MIDI ndi mgwirizano wa opanga zida zoimbira umene unayamba mu 1983, motsogozedwa ndi Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa ku Japan, kuti zida za makampani osiyanasiyana zizimvana. Mu 1999 panakhazikitsidwa malamulo a mmene MIDI iziyendera pa USB. Chida chotsatira malamulowa amachitcha class compliant, ndipo chimagwira ntchito ndi driver amene ali kale mu Windows, mu macOS kapena mu foni. Kiyibodi yanga inali ya mtundu umenewu. Driver wa pa CD sindinkamufunikira, ndipo ndi iyeyo amene anatseka njira.

Anatsegula Device Manager n'kundionetsa kachizindikiro kachikasu pa dzina la kiyibodi. Windows 11 ili ndi chitetezo chotchedwa Memory integrity chimene chimakana driver wakale wosagwirizana nacho. Ndinati basi tichizimitse, koma iye anakana: "Ayi amalume, chitetezo chikugwira ntchito yake. Tichotse driver wakaleyo." Kenako anasankha zoti zida zobisika zionekere, ndipo dzina la kiyibodi linatuluka mobwerezabwereza, lotuwa. Zida zambiri zoterezi ukazisinthira bowo la USB, kompyuta imazilemba ngati zatsopano, pamene njira yakale ya MIDI mu Windows inali ndi malo 10 okha a ma driver otere. Kubayabaya kwanga kuja kunangowonjezera chisokonezo. Anafufuta mayina onsewo pamodzi ndi driver, nazimitsa laputopu n'kuiyatsanso, nabaya chingwe pa bowo limodzi. Kachizindikiro kachikasu sikanaonekenso.

Koma FL Studio inakhalabe chete, ndipo mtima wanga unayambanso kuthamanga. Iye sanatekeseke. Anapeza kuti kapulogalamu koonera MIDI kaja kankadzitsegula kokha laputopu ikayaka. M'njira yakaleyo, chida cha MIDI chinkagwiridwa ndi pulogalamu imodzi pa nthawi. Yoyamba kuchigwira inkatsekereza zinzake. Atakatseka anadina F10 mu FL Studio, nasankha kiyibodi pa mndandanda wa zolowetsa, nailola kugwira ntchito, pakuti inali itabwera ndi dzina latsopano. Piyano inalira. Pomaliza anachotsa chilolezo choti kompyuta izizimitsa mabowo a USB posunga batire, chimene chimachititsa kuti chida chiziduka pakati pa nyimbo. Zonsezi anamaliza nsima isanapse.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwanayu nambala yake inali m'foni mwanga Loweruka lonse lija, koma ndinkachita manyazi kuti amayi aone mwini situdiyo akufunsa nzeru kwa mwana. Kwaya ija inabweranso, ulendo uno minibasi ndinalipira ndine, ndipo nyimbo zawo zinatuluka bwino. Makiyi 12 aja sanadzukenso, chifukwa kalamba kotero sindinakapeze m'mashopu amene ndinafunsamo.

Anzanga a masitudiyo, oimba kiyibodi m'matchalitchi ndi inu oimbitsa nyimbo m'maukwati, kompyuta yogwirira ntchito musamaipange update pamene mawa kuli anthu okudalirani. Windows imalola kuimitsa ma update mpaka masabata asanu. Musanasamuke, onani kaye ngati opanga chida chanu anatulutsa driver wogwirizana ndi Windows yatsopano, ndipo mukasamuka yesani chida chilichonse musanafufute Windows.old. Chida chikakana, yambani ndi kuchiyesa pa foni kapena pa kompyuta ina, kenako sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Sikuludiraiva isiyeni m'bokosi mpaka mutatsimikiza kuti vuto lili m'chidamo, ndipo zikakukanikani imbirani wodziwa anthu asanatope kudikira.