Mudzatopa wasanduka Max

Galu wanga ndinamutcha Mudzatopa, dzina lolasa aneba. Zaka 4 zonsezi wakhala akudya zimene ife tasiya: mkute, mitu ya usipa, minga ya utaka, ndipo pa Khirisimasi madzi otsukira poto wa kampango. Sanadandaulepo.

Zinasokonekera mu Ogasiti, banja lonse titakwera ku Namwera kukalandira mwana wa alamu anga wotuluka ku jando. Apongozi anga ndi Asilamu olimba: galu pakhomo pawo saponda, ngakhale ineyo amangondipirira. Nyumba zogonetsa agalu molipira ife a ku Makawa timangomva kuti zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre, choncho ndinakamusiya kwa msuweni wanga, mlonda pa koteji ya mzungu wina cha ku Nkopola, kumene kuli agalu atatu onenepa ngati ana a ng'ombe. Masiku 10 okha.

Pokamutenga ndinaimba mluzu pageti. Zii. Ndinakuwa dzina lake mpaka asodzi okonza chilimira pamchenga anatembenuka, koma mwini dzina ayi.

"Asuweni," anatero mlondayo chapansipansi, "masiku ano amavomera Max."

Titafika kunyumba ndinamuikira mkute m'mbale yake yobooka ija. Anaununkhiza, kenako anandiyang'ana mmene a kubanki amayang'anira munthu wofuna ngongole wopanda chikole. Anadutsa chiguduli chake nakagona pampando wanga wa ndalema. Usana tulo, usiku tulo. Amphaka a m'mudzi anachita phwando pathandala la usipa iye ali gada, miyendo m'mwamba.

Tsiku lachitatu kunayamba chifuwa. Kho! Kho! ngati wamutsamwa munga wa chambo, chikhalirecho chambo pakhomo panga timangochiona chikudutsa pa kabaza. Ndinayamba ndaganiza za chiwewe, kenako za aneba aja, poti dzina lija linawapweteka. Nditaona kuti kwa sing'anga andiseka, ndinapita naye kwa alangizi a ziweto.

Bambowo sanadabwe n'komwe. Anati chifuwachi agalu amapatsirana akasonkhana malo amodzi, monga muja ana a sukulu amagawirana chimfine, ndipo chimaonekera patapita masiku angapo galu atabwerako. Kawirikawiri chimatha chokha pa masabata awiri kapena atatu. Ndisamusakanize ndi agalu ena, ndisamukoke ndi chingwe cha pakhosi, ndipo akatentha thupi, akafooka kapena akayamba mamina ndibwerenso naye msanga. Za tulo ndi kunyanyala chakudya anati n'zosintha malo ndi kadyedwe, zitha. Anamuzula nkhupakupa 6 m'makutu, kusonyeza kuti nazonso zimadziwa koteji yabwino. Atafunsa khadi la katemera wa chiwewe ndinayamba kuwerenga malata a kudenga.

Madzulo ndinakhala pamkeka, poti mpando unali ndi mwini wake, n'kumadandaula mokweza. Galu wosayamika! Masiku 10 okha waiwala kwawo, waiwala dzina, waiwala amene anamutola kumsika ali kamwana ka utitiri thoo!

Mayi a kunyumba anapitiriza kupeta mpunga osadzutsa mutu.

"Abambo, paja ku Joni munakhalako nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi itatu."

"Munabwera chimanjamanja, ndi jekete la chikopa lokha, mukulivala padzuwa la Okutobala kuno ku Mangochi. Madzi a pamjigo munkati akupweteketsani m'mimba. Nsima munkaitcha papa. Amayi anu akukupatsani moni, inu eish, eish. Chifuwanso munabwera nacho."

Ndinati nkhani ndi ya galu.

Tsiku lachisanu Max anatsika pampando, anadya mkute wonse n'kunyambita mbale mpaka kuigubuduza, ndipo usiku anauwa mphaka. Jekete lija lili m'sutikesi pansi pa bedi. Lamulungu lapitali ndinalivala kutchalitchi.