Zakwanu

ANTHU: A SAKALA, mkulu woyimba ng'oma, AMAKE TISA, wogulitsa vitumbuwa pa Cropping.
MALO: mudzi wina wa kwa Mfumu Kakumbi, ku Mfuwe, m'boma la Mambwe. Ndi mwezi wa Novembala, mango apsa.

(Mamawa. Njiwa zikulira. Kaphokoso ka chitsulo: TCHA! Nkhuku zikuuluka mpanda, phaphapha.)

A SAKALA: Odi kuno! Kapena ndisapemphe n'komwe odi, poti chuma changa chonse chinasamukira kale kwanu kuno.

AMAKE TISA: Lowani, aneba. Mwadzuka bwanji?

A SAKALA: Ndadzuka ndi phazi limodzi. Taonani pansipa. Patapata yanga yakumanzere ili kuti?

AMAKE TISA: (mokweza) Zakwanu!

A SAKALA: Eee! Zakwathuzo ndiye ndalondola!

AMAKE TISA: Sindikunena inu, bambo. Ndikuitana kagalu.

A SAKALA: Mudzi wonse ukudziwa amene munkamuganiza potcha dzina limeneli. Agalu a anzanu ndi Taiga, Denja, Poizoni. Wanu yekha Zakwanu, ndipo pomuitana nkhope mumalozetsa kumpanda kwanga.

AMAKE TISA: Anatcha ndi Tisa.

A SAKALA: Tisa wa giredi 2? Galu wamkota sakandira pachabe, mayi. Koma za dzina tiike pambali. Nkhuku zanga 6 ndi tambala wake zikufunanji pakhonde panu? Dzulo ndapeza dzira limodzi lokha m'chikwere.

AMAKE TISA: Ine sindinaziitane.

A SAKALA: Mumaziitana ndi kachithumwa kali m'manja mwanuko! Kakangoti tcha, nkhuku zanga zimasiya gaga, liwiro lonse kwanu. Za mtundu umenewu timakakambira kwa anyakwawa.

AMAKE TISA: Chithumwa chake chiti? Ichi n'chivundikiro cha botolo la jamu. Pakatipa pali kamchombo, ukadina kamalira. (TCHA! Nkhuku zikukokera pafupi.) Ndikuphunzitsa kagalu kundiyang'ana ndikakaitana.

A SAKALA: Kuyang'ana nako n'kolowera sukulu? Kale tinkangotola kamtengo, galu n'kudziwa mwini wake.

AMAKE TISA: Ankadziwa kamtengoko. N'chifukwa chake Denja wanu uja mukamuitana ankathawira kumtsinje wa Luangwa mpaka fisi anamuona. Izi wandionetsa mwana wa alongo anga, uja amagwira ntchito ndi agalu onunkhiza a Conservation South Luangwa.

A SAKALA: Agalu aja amayenda ndi agemu, oimitsa magalimoto pamsewu wa ku Chipata? Ndimawadziwa. Wina ananunkhiza ng'oma yanga ine thukuta kamukamu.

AMAKE TISA: Thukuta la chiyani ngati chikopa chake n'cha ng'ombe?

A SAKALA: N'cha ng'ombe!

AMAKE TISA: Ng'ombe kuchigwa kuno, ndi akashembe onsewa?

A SAKALA: Ndinagula ku Chipata. Pitirizani nkhani yanu.

AMAKE TISA: Agalu amenewo anayamba ntchito kuno mu 2014, mothandizana ndi bungwe la ku America la Working Dogs for Conservation. Amapeza minyanga ya njovu, nyama ya m'tchire, ngaka, mfuti, ngakhale zipolopolo zobisa pansi pa matumba. Mmodzi mwa oyambirira, Ruger, anachokera ku Montana. Kwawoko anali galu wotayidwa, woluma anthu. Anasanduka katswiri popanda mkwapulo. Malipiro ake akapeza chinthu anali kusewera basi.

A SAKALA: Kugwira ntchito yonse ija, malipiro kusewera! Ameneyo akanandipeza ndikanamuuza za penshoni. Nanga chivundikiro chikulowa pati?

AMAKE TISA: Eni ake ali ndi kogula kusitolo, amati kilika. Ntchito yake ndi imodzi. Tsiku loyamba sumufunsa galu kanthu. Umangodina tcha, n'kumupatsa kamutu ka kapenta. Tcha, kapenta. Tcha, kapenta. Mwina ka 15. Akamati akamva tcha makutu tcheru, wadziwa kuti kulira kumeneku ndi lonjezo.

A SAKALA: Kapenta amene ine ndimadyera nsima pa Sande pokha.

AMAKE TISA: Timitu tokha, bambo, tochepa ngati njere ya mpunga wa kwa Nsefu. Kenako umamuitana dzina kamodzi. Kamodzi kokha, osachita kulakatula ngati mwana wotayika pamsika. Akakuyang'ana m'maso, tcha, kapenta. Mphindi 2 kapena 3, mwaweruka. Kagalu ka masabata 10 mutu wake sukhalitsa pamodzi.

A SAKALA: Bwanji osangomupatsa kapentayo? Phokoso n'lachiyani?

AMAKE TISA: Dzanja limachedwa. Pamene ukupisa m'thumba, iye wayang'ana kale gulugufe, wakanda khutu, wanunkhiza mango. Adziwa bwanji chimene walipidwira? Tcha amamuuza kuti "apo, chimenecho!" Anatchukitsa njirayi ndi mayi wina, Karen Pryor, amene m'zaka za m'ma 1960 ankaphunzitsa nyama zam'nyanja zotchedwa dolphin ku Hawaii. Iye ankaliza wezulo. Dolphin simungaimange chingwe m'khosi, simungaikwapule. Ikatopa nanu imangomira.

A SAKALA: Ngati mvuu.

AMAKE TISA: Mvuu siingakudikireni kuti mulize wezulo.

A SAKALA: Zonsezi n'zokoma, aphunzitsi. Koma nkhuku zanga ndani anazilembetsa sukulu?

AMAKE TISA: Zinadzilembetsa. Kagalu kakamadya timagwa tinyenyeswa. Tsiku lachiwiri nkhuku zanu zinali zitamva kale phunziro, kagalu kakadali kuganiza. Ku America komweko ena ofuna kuphunzitsa agalu amayamba ayesera pa nkhuku, chifukwa nkhuku ndi yachangu, imakuonetsa msanga ngati dzanja lako n'laulesi. Munyadire, muli ndi nkhuku zanzeru.

A SAKALA: Nzeru zoikira mazira kwa eni? Chabwino. Tandionetsani sukuluyo ndione ndi maso anga. Si ako kakubwera ako. Taonani chili kukamwa!

AMAKE TISA: Aaa, ndi patapata yanudi. Kaya kazikonderanji. Masiku atatu tsopano, ndikangotuluka ndi chivundikiro kamathamangira kwanu.

A SAKALA: Itanani.

AMAKE TISA: Zakwanu! (Kachetechete pang'ono. Kagalu kakulira ng'ii. Kutafuna mphira. TCHA!) Eyaa, kwaya.

A SAKALA: Imani! Imani pomwepo! Mayi, mwaona chimene mwachita?

AMAKE TISA: Kandiyang'ana, ndadina.

A SAKALA: Kanakuyang'anani kalekale, inu mukukonza chitenje. Kadikira, katopa, kaweramira pansi, kaluma patapata yanga, ndiye inu tcha! Mwakalipira chifukwa cha patapata! Masiku atatu mwakhala mukugula nsapato zanga ndi kapenta!

AMAKE TISA: Ndachedwa pang'ono chabe.

A SAKALA: Pang'ono? Dzanja lanu lili ngati minibasi ya pa Cropping, yoti inyamuka "manje manje" dzuwa mpaka kupendeka. Ine ndayimba ng'oma zaka zoposa 40, mpaka ku Malaila pamaso pa mafumu a Chikunda. Wovina akaponda pansi, ng'oma ilire pomwepo. Ukachedwa ndi kamphindi, wamuthyola mwendo, ndipo azimayi akuyimba nyimbo chaka chonse. Bweretsani kuno chitsulocho.

AMAKE TISA: Si chithumwa chija?

A SAKALA: Bweretsani. Ndi kapenta yemwe. Choyamba tichoke pakati pa nkhukuzi, wophunzira sangamve m'chipwirikiti chotere. Tiyeni kuseri kwa nkhokwe. (Mapazi: lina phwa, lina la patapata thya.) Tsopano khalani chete. (Akutsokomola.) Za... Koma dzina ili! Ndikhale ngati ndikudzitukwana ndekha?

AMAKE TISA: Kamodzi kokha, bambo.

A SAKALA: Zakwanu. (TCHA! nthawi yomweyo.) Mwamva? Diso lake litangofika pa langa. Kwaya, mwana iwe. Tiyeni kachiwiri. Zakwanu. (TCHA!) Ehee! Patapata kaisiya yokha. Kuwongola mtengo n'poyamba. Zakwanu. (TCHA!) Taonani maso akewo, mbee, ngati ndine mzungu wa kamera pageti ya paki.

AMAKE TISA: (motsitsa) Koma ndiye kagwira msanga.

A SAKALA: Kagalu kalibe mlandu. Wofunika sukulu ndi mphunzitsi. Munakabayitsa katemera wa chiwewe?

AMAKE TISA: Kakwane kaye miyezi itatu.

A SAKALA: Musaiwale. Ndipo usiku kazigona m'nyumba. Nyengo ya mango ino njovu zikuwoloka mtsinje usiku uliwonse, kakangouwa pafupi ndi ya mwana, tonse tigona pamtengo. Nyalugwe nayenso ndiwo yake ndi imeneyi. Basi, ndapita. Nkhuku zanga nditenga.

AMAKE TISA: Pitani bwino. Chivundikiro?

A SAKALA: Ndibwereke, ndiitanire ziweto zanga kwawo. (TCHA! TCHA! TCHA! Mapiko, kulira kwa tambala, kagalu kakuuwa.) Mwaona? Zonse pambuyo panga ngati gulu la kwaya.

AMAKE TISA: Iii, a Sakala! Mwadina katatu! Tcha aliyense ndi ngongole. Mulipira chiyani, kapenta watha?

A SAKALA: Zidya gaga kunyumba. Ayi! Choka iwe! Mayo, chala changa! Tambala uyu akujompha phazi lopanda nsapato! Amake Tisa, patapata ija ili kuti?

AMAKE TISA: Kanyamula. Kali kutsogolo kwanu uko, kakulowa pakhomo panu. Bwezani galu wanga!

A SAKALA: Ine sindinakaitane! Kadzilembetsa kokha! Fisi iwe, tambala, ndikudya pa Khisimisi! Mayi, tathamangani ndi kapenta!

AMAKE TISA: Kambale ndi K10.

A SAKALA: Chotsani pa mazira anga amene mwakazingira vitumbuwa!

AMAKE TISA: Vitumbuwa vanga sindithira mazira. (mokweza) Zakwanu! Zakwanu iwe!

A SAKALA: (patali, pakati pa nkhuku) Kamodzi kokha, mayi! Ndipo nkhope mulozetse kwina!

(Kagalu kakuuwa. TCHA! Mapiko. Ng'oma ikugwa pansi, gubudu.)