Mabuku pa machila, ine pamzere wa mazira

Anthu olankhula Chimarathi ku India, omwe amaposa 80 miliyoni, ali ndi msonkhano wa alembi umene umachitika chaka ndi chaka. Woyamba unachitikira ku Pune mu 1878, wapampando ali jaji Mahadev Govind Ranade. Potsegulira, mabuku amawakweza pa machila n'kuzungulira nawo mzinda, ng'oma zili kakaka, amayi akuvina. Ine ndakatulo zanga sizinakwereko ngakhale kabaza. Zimene zinatulukapo m'nyumba ndi zija mayi a kunyumba anakulungira usipa.

Musaganize kuti chinamtindi chonsecho chimakambirana mabuku. Andale ndiwo amadzaza nsanja, poti boma limaponyapo kangachepe, ndipo msonkhano wa ku Delhi mu 2025 anatsegulira ndi nduna yaikulu Narendra Modi mwiniwake. Mu 2019 ku Yavatmal anaitana gogo Nayantara Sahgal, mlembi wotchuka, kuti akatsegulire. Anyamata ena a chipani atalusa kuti gogoyo amalemba m'Chingerezi, okonza msonkhano anachita nthumanzi n'kuwauza kuti basi asabwere. Apa ndinadzimva wamkulu ndithu, chifukwa ine palibe anandibwezapo pakhomo. Kuti akubweze, amayamba akuitana.

Olimba mtima analipo. Mu 1975 ku Karad, pamene boma la Indira Gandhi linatseka pakamwa nyuzipepala n'kumanga otsutsa, wapampando wa msonkhano, mayi Durga Bhagwat, anadzudzula poyera, ndipo pambuyo pake anakalowa m'ndende. Ndikanakhalapo ndikanawaombera m'manja kwambiri, manjawo ali m'matumba a thalauzi.

Phindu lenileni lili kunja kwa chihema chachikulu, komwe osindikiza mabuku ang'onoang'ono amayala malonda awo, ndipo mphunzitsi wakumudzi amapeza buku lomwe kusitolo yakwawo silinafikepo. Kulinso nsanja ya alakatuli osadziwika, a mtundu wanga, aliyense akudikira nthawi yake yolakatula, osamvera n'komwe mnzake amene ali pa maikolofoni. Amenewo ndi abale anga enieni.

Koma mtima wanga unatsalira kwa olankhula Chikannada, omwe msonkhano wawo unayamba mu 1915 ku Bangalore. Mu Disembala 2024 anakumana ku Mandya, ndipo mkangano womwe unamveka kutali sunali wa galamala kapena wa nthano. Unali wa ndiwo. Mwambo wake pamsonkhanowu sadya nyama, pamene anthu a ku Mandya nkhuku ndi mbuzi amazidziwa bwino. Ena anafunsa kuti chilankhulochi n'cha odya masamba okha kodi? Funsoli n'lolemera, chifukwa ku India chimene munthu amadya chimakhudzana ndi mtundu umene anabadwiramo. Mawu anachuluka, mpaka tsiku lomaliza anthu analandira mazira owiritsa.

Mayi a kunyumba nditawafotokozera, anangoti, "Bambo a Chikondi, ndiye mwapeza nthambi ya zolembalemba yomwe mungakhozeko bwino." Sindinatsutse. Pa nkhani ya Sahgal ndikanangoti zii, pa nkhani ya Bhagwat ndikanayang'ana pansi, koma pa nkhani ya dzira ndikanalemba chikwangwani, n'kuguba kutsogolo, kenako n'kuima pamzere kawiri, kachiwiriko nditavula chipewa kuti ogawa asandizindikire.