Mwati mukupita ku Dedza? Dedza yake iti?

Nkhani imene simatha pa depoti ya Dedza masiku otsegulira sukulu ndi ya alendo otsika pamalo olakwika. Oitanira maminibasi amaikamba, amayi ogulitsa kachewere amaithira ndemanga, koma oikonda kwambiri ndi anyamata a kabaza, poti mlendo akasochera iwo ndiye apeza ya ndiwo. Bambo amanyamuka ku Mzuzu kapena ku Mulanje ndi mwana wake, sutikesi, ndowa ndi matiresi, n'kumuuza kondakitala kuti akupita ku koleji ku Dedza. Kondakitala amangovomera. Akatsika pa boma n'kufunsa kumene kuli geti la koleji, anthu amayamba ayang'anana kaye, kenako wina amafunsa mwaulemu kuti, "Pepani bambo, koleji yake iti?"

Funsolo ndi loona, chifukwa makoleji a kuno sali m'tauni. Ophunzira za nkhalango ndi nyama zakutchire ali ku Malawi College of Forestry and Wildlife, m'kati mwa nkhalango ya Chongoni, kumpoto kwa tauni. Atsikana ophunzira zauphunzitsi ali ku St Joseph's ku Bembeke, ndipo kumeneko ndi kum'mwera, mbali ya ku Ntcheu. Amene aitanidwa ku maphunziro a mpingo wa CCAP ulendo wawo ndi wa ku Namoni Katengeza, ku Chongoni komweko. Pafupi ndi tauni pali sekondale ya boma imene inatsegulidwa mu 1951, yomwe amene anaphunzirapo amangoitchula kuti Box 48, ndipo madala ena opuma pantchito mukawayamba nkhani ya sukuluyi konzekani kukhala pansi mpaka dzuwa kupendeka. Tsono wochokera ku Blantyre amene akupita ku Bembeke, akagona m'basi n'kudzidzimukira pa boma, wapitirira. Ayenera kubwerera kumene wachokera, ndi matiresi ake omwe. Anyamata a kabaza amati amenewa ndiwo makasitomala abwino, chifukwa manyazi sawalola kunenerera mtengo.

Za galimoto yoyenera kukwera pobwera kuno anthu sagwirizana, ndipo sindikuona kuti adzagwirizana. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 mumsewu wa M1, kudzera pa Nathenje, pa Kamphata pamene amapatukira a ku Nkhoma, kuwoloka Diamphwe, kenako Linthipe ndi Chimbiya. Woyenda pa galimoto yakeyake ola limodzi ndi theka limamukwanira. Okonda mabasi akuluakulu oyenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amati m'menemo munthu amakhala pampando wake yekha, miyendo ili tambasu. Otsutsa amawakumbutsa kuti M1 imadutsa m'mbali mwa tauni, ndiye basi ikakusiya pamsewu waukulu ulendo wolowa m'kati ukadalipo. A minibasi amanyadira kuti iwo amakutula pa depoti penipeni, ndipo n'zoona, koma sanena kuti liti. Mawu aja akuti "wotsala mmodzi" amamveka ku Lilongwe ngati mmene amamvekera kwina kulikonse, ndipo mmodzi wotsalayo amatha kumudikira ola lathunthu. Palinso timagalimoto ta Sienta, timene anthu ofulumira amatikonda. Amayi ena pamsika amati amene anapanga galimoto imeneyi atabwera kudzawerenga anthu otsikamo pa Dedza, akhoza kukana kuti si yake.

Mtengo wa ulendo sindiulemba pano, chifukwa pofika mukuwerenga ukhala utasintha. Chiyambire kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023, mtengo umayendera mmene mafuta akupezekera sabata imeneyo. Makondakitala ali ndi zifukwa ziwiri zimene sizichoka pakamwa: mafuta ndi Kalinyeke. Pa Kalinyeke, kumpoto kwa tauni, pali geti lolipiritsa magalimoto limene linayamba ntchito mu 2022. Okwera amaseka kuti ndalama ya pagetipo ndi imodzi, koma kondakitala amaitchula kwa munthu aliyense payekhapayekha ngati kuti aliyense ndiye akulipirira galimoto yonse. Nzeru ya anthu a kuno ndi yakuti mufunse mnzanu amene wakhala kale m'kati kuti walipira zingati, musanafunse kondakitala.

Koma nkhani imene imasangalatsa tauni yonse ndi ya kuzizira. Dedza ndi tauni yokwera kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri limene laima kumbuyo kwake limafika mamita 2,198. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikabwera ndi kamvula kake kowaza, chifunga chimatsika m'phiri n'kukuta mitengo ya paini, nyumba ndi msewu womwe, moti madalaivala amayatsa nyali masana. Anthu a kuno amati mlendo safunika kumufunsa kwawo. Wa malaya a manja aafupi amene wapinda mikono pachifuwa, mano akugundana, ameneyo ndi wa ku Nsanje, ku Mangochi kapena ku Salima. Amatsika minibasi ali ndi ulemu wake wonse, taye ili pakhosi, koma pakangotha mphindi zochepa mumupeza pa kaunjika akuyesa jekete ya munthu wamkulu kuposa iye, osafunsanso za mtundu. Ogulitsa kaunjika amati miyezi imeneyi safuula, kasitomala amabwera yekha akuthamanga. Eni nyumba zogona alendo nawo amati mlendo wozindikira safunsa za wailesi yakanema, amafunsa kuti mabulangete ndi angati ndiponso ngati madzi osamba awaphitsa.

Pamenepa ine ndimaima ndi amayi a ophunzira, amene anthu amawaseka kuti alongedzera mwana katundu wochuluka. Mtsikana wakulira ku Chikwawa amene akukagona koyamba ku Bembeke m'mwezi wa Juni akufunikadi mabulangete awiri, juzi, masokosi ndi chipewa. Asekeni amayiwo pa depoti, koma usiku mwanayo adzawathokoza.

Mukafika, ulendo wotsalawo uli m'manja mwa kabaza, ndipo kabaza wa ku Dedza ali ndi mikangano yakeyake. A njinga zakapalasa amati iwo ndi otchipa ndiponso sagwetsa munthu. A njinga zamoto amayankha kuti kukwera yakapalasa kuno n'kulipira kuti uyende wapansi, pakuti pa chitunda chilichonse woyendetsa amacheuka n'kunena kuti, "Bwana, titsikeko pang'ono." Ndiye mlendo amene walipira ulendo amapezeka akuthandiza kukankha njinga imene yanyamula sutikesi yake, awiriwo akucheza za mvula ndi mtengo wa feteleza. Ambiri amene zinawachitikira amaikamba nkhaniyi akuseka, ena amati ndi pa chitunda pomwepo pamene anamva zonse za tauniyi: kumene kuli chipatala cha boma, malo odyera nsima ya nkhuku yachikuda, ndi mmene Dedza Dynamos yasewerera Loweruka. M'kati mwa tauni mwenimweni, kuchoka pa depoti kupita kumsika, ku banki kapena ku maofesi a boma, miyendo imakwanira. Kungoti wozolowera kuchigwa amayamba wefuwefu msanga.

Ku Chongoni ndi nkhani ina. Msewu wake ndi wafumbi m'chilimwe ndi wamatope m'dzinja, ndipo dothi lake likanyowa limaterera. Makolo opita kukaona ana amachoka pa boma atavala zoyera n'kukafika ku koleji atasintha mtundu, moti ophunzira amati mlendo wobwera mu Okutobala amayamba wapempha madzi osukusula asanapereke moni. Mu Januwale ndi Febuluwale wa njinga yamoto amakweza mtengo, ndipo ndikamuona mmene amalimbanira ndi msewuwo sindimuda. Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chokweza anthu awiri kapena atatu pa njinga imodzi, opanda chisoti, sutikesi ili pa thanki. Izi anthu amazikamba moseka mpaka tsiku limene wina wathyoka mwendo. Mlendo asachite manyazi kupempha chisoti kapena kunena kuti, "Achimwene, chepetsani liwiro." Ndipo agwirizane naye woyendetsayo nthawi yodzamutenga, atengenso nambala yake ya foni, chifukwa ku nkhalango kulibe siteji yoti ungoima n'kukweza dzanja. Ndalama zapamanja zikhalepo ndithu. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza pa boma, koma netiweki ikathawa pakati pa mitengo, wa kabaza sangadye lonjezo.

Za netiweki zikundikumbutsa nkhani ya malire. Mozambique ili pafupi kwambiri moti ena amadandaula kuti foni yawo imalandira uthenga wowalandira m'dziko la eni iwo ali khale pa khonde kwawo. Chipata cha Dedza, chimene tsidya linalo amachitcha Calomue, chili pamtunda waufupi kuchokera m'tauni, ndipo pamadutsa mathiraki a katundu ndi mabasi opita ku Johannesburg kudzera ku Tete. Anyamata osintha ndalama akaona munthu wa chikwama chachikulu amamuthamangira ndi mitolo ya meticais, ndiye bambo wongoperekeza mwana kusukulu amavutika kufotokoza kuti iye sakutuluka m'dziko. Kum'mwera kwa tauni, cha ku Lizulu, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni. Ukatsika kukagula kabichi mbali iyi uli ku Malawi, ukawoloka msewu kukafunsa mtengo wa tomato uli ku Angonia. Anthu a mbali zonse ziwiri amayankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, amalirana maliro, ndipo akuluakulu amakumbukira zaka za nkhondo ya ku Mozambique, isanathe mu 1992, pamene midzi ya kuno inadzaza ndi abale othawa kwawo. N'chifukwa chake mlendo akamadabwa kuti waponda dziko lina popanda pasipoti, ogulitsa amangomuseka n'kumuwonjezera basera.

Mlendo amene watsala ndi tsiku limodzi amalandira malangizo ochuluka kuposa amene wapempha. Aliyense amutumiza ku Dedza Pottery, kumene akhala akuumba makapu, mbale ndi miphika yokongoletsa kuyambira 1987. Amene ali ndi mphamvu amuuza kuti akwere phiri m'mawa kusanachite chifunga, akaone Mozambique mbali ina ndi zigwa zotsikira kunyanja mbali inayo. Koma za zojambula za m'mapanga a Chongoni anthu amazikamba ndi kamanyazi pang'ono, chifukwa ambiri obadwira pompano amavomera kuti sanapiteko, pamene azungu amachokera kutali kudzaziona. Malo ake alipo 127, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula, amene ankakhala m'mapiri muno kalekale, ndipo zoyera ndi za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Ku Chencherere ndi pafupi kwa amene wapita kale ku koleji ya zankhalango, ndipo kulinso Namzeze ndi Mphunzi. Pitani ndi munthu wodziwa malowo, mupereke moni kwa eni mudzi. Chimene chimandipweteka ndi mayina olembedwa ndi makala pamwamba pa zojambula zimene zapirira mvula ya zaka mazanamazana. Wophunzira amene akufuna kuti dzina lake likumbukike alilembe pa satifiketi.

Ena amamukopa mlendo kuti atsikire ku Mua, ku mishoni imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa mu 1902, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976. Njira yake ndi yopatukira pa Masasa kutsetsereka Khwekhwelere mpaka ku Golomoti. Madalaivala amaulemekeza msewu umenewu. Amati woyendetsa wanzeru amatsika ndi giya yamphamvu, osadalira mabuleki okha, ndipo okwera amene amalongolola njira yonse akafika pa makona aja amakhala chete, ena n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Chosangalatsa n'chakuti boma ndi lomwelo la Dedza, koma jekete ija munagula m'mawa pa kaunjika mukafika ku Golomoti mukuipinda n'kuikhalira.

Pobwerera kwawo palibe mlendo amene amachoka chimanjamanja. Kachewere wa ku Dedza ndiye amadyetsa ziwaya za tchipisi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo munthu akamva mtengo wake kuno, pa Bembeke kapena pa msika wa pa boma, amaiwala kuti anabwera pa minibasi. Amagula ndowa imodzi, kenako amakumbukira apongozi, kenako aneba amene akumusungira nkhuku, n'kuwonjezerapo kabichi, karoti ndi nyemba. Apa ndiye pamabuka mlandu womaliza wa pa depoti. Kondakitala amati thumba lotere ndi munthu, lilipire mpando. Mwini thumba amati ngati ndi munthu ndiye likhale pampando, osati pansi pa mapazi a anthu. Amayi ogulitsa aja amaikira kumbuyo kasitomala wawo, oitanira amaikira kumbuyo kondakitala, ndipo mlanduwo umatha pamene dalaivala waliza hutala n'kunena kuti akufuna kudutsa pa Kalinyeke kusanade.